Fungo la m'kamwa landichotsa pabanja

Aphungu,

Ndatha masiku anayi ndikulemba kalata iyi ndi kuing'amba. Sindine munthu wolankhulalankhula, ndipo sukulu ndidalekera Giredi 6, choncho mundikhululukire ndikatalikitsa. Ndikufuna ndinene chilichonse monga chidachitikira, kuti inuyo musandiweruze musanamve zonse monga achitira ena.

Ndili ndi zaka 23. Ndidabadwira ku Burma Valley kumene bambo anga ankagwira ntchito papulazi, munda waukulu wa nthochi. Pulazi litatengedwa ntchito idatha, ndipo bambo adalowerera kumowa mpaka imfa yawo. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa zibweranso kutsogoloku. Ine mowa sindidaulawepo ngakhale kamodzi, popeza ndidaona ndi maso anga zimene udachita pakhomo pathu.

Chaka chatha ndidakwatiwa ndi a Abdu, amene amagulitsa zitsulo za magalimoto kumsika wa Sakubva ku Mutare. Kwawo ndi Asilamu, makolo awo adachokera ku Mangochi kalekale, ndipo ine ndidalowa Chisilamu ndi mtima wanga wonse tisanamange ukwati. Takhala tikukhala ku Fairbridge Park m'nyumba ya apongozi anga aakazi, Mayi Ayisha, pamodzi ndi mlamu wanga Bushira, mlongo wawo wa a Abdu, amene amapita ku Joni kukatenga katundu wogulitsa.

Ramadhani ya chaka chino idali yanga yoyamba kusala. Ndinkaopa kwambiri. Ndinkaopa kukomoka masana pamaso pa anthu, iwo n'kumati mwana wa kumapulazi sangazithe. Masiku atatu oyamba njala idandipweteka kwambiri. Tsiku lachitatu Bushira adandipeza nditatsamira khoma la khitchini, ndipo adandikokera kuchipinda kwake.

"Alamu, mukudzizunziranji?" adatero. "Masiku ano njala ili ndi mankhwala ake."

Adatulutsa botolo lalikulu la mafuta oyera ngati madzi, osanunkha chilichonse. Adati amawayenga kuchokera ku kokonati, ndipo pabotolopo padali zilembo zitatu, MCT. Adati ndizimwa masupuni awiri pa daku, chakudya chija timadya kusanache, ndi ena awiri pomasula madzulo. Koma adati ndisiyiretu sadza, ndiyo nsima ya kuno, mpunga, buledi, mbatata ndi shuga, ndizingodya mazira, nyama, masamba ndi mapeyala. Ndikatero, adati, thupi langa liyamba kupanga zinthu zotchedwa maketoni, ndipo maketoniwo azindidyetsa tsiku lonse.

Kenako adatsitsa mawu. "Koma amayi asadziwe. Adandiletsa kugulitsa zimenezi pakhomo pano chifukwa mnzawo wina wa kumzikiti adatsekula nazo m'mimba. Lumbirani kaye."

Ndidalumbira, Aphungu, ndipo ndidatchula dzina la Mulungu.

Adandithirira mafutawo m'kabotolo kakang'ono kophwatalala, ka aja amagulitsa opanda kanthu pamsika. Sindidadzifunse kuti kale mudali chiyani. Mabotolo a m'tauni sindiwadziwa, bambo anga ankamwera m'chigubu. Adandipatsanso timapepala ting'onoting'ono toviika mumkodzo, nati m'mawa uliwonse ndiziviika kamodzi, ndizikajambula pafoni n'kumutumizira. Ndidachita zimenezo osaphonya tsiku. Poyamba kapepalako kankangotuwa, tsiku lachinayi kadafiirira, ndipo sabata itatha kadatenga mtundu wa maluwa a jakaranda. Bushira adasangalala zedi. Zithunzi zanga ankazionetsa kwa makasitomala ake pa Watsapu, osatchula dzina langa, atalemba kuti onani mmene mafuta a m'thupi akusungunukira.

Pakhomopo ine ndiye ndimapakula, ndipo ndimadya pomalizira kukhitchini, choncho palibe adaona kuti sadza sindikuikhudza.

Sindinama, njala idachepadi. Koma m'mimba munkapota, ndinkathamangira kuchimbudzi kawirikawiri, ndipo m'mawa mutu unkalemera. Tsiku lina ndikuyanika zovala ndidachita chizungulire mpaka ndidadzandira n'kugwira waya. Apongozi adandiona pawindo. Nditamuuza Bushira adati ndi thupi chabe likuzolowera. A Abdu nawo adayamba kutembenuza nkhope ndikamawalankhula pafupi. Ine ndinkayesa ndi fungo lija aliyense amakhala nalo akasala, ndipo ndidangoonjezera kutsuka mano.

Tsiku la 19 la mweziwo, masana, ndidagwada kupereka beseni la madzi kwa apongozi kuti asambe pokonzekera swala. Ndidangoti madzi awa, amayi. Iwo adandigwira pachibwano.

"Tanenanso."

"Ndati madzi awa, amayi."

"Muroora, wamwa chiyani?"

Ndi mmene amandiitanira, m'Chishona, kutanthauza mkazi wa mwana wawo, ndipo tsiku limenelo liwulo lidamveka ngati chitonzo. Adadzuka osasamba n'komwe, nalowa kuchipinda kwathu, nakhuthula sutikesi yanga pabedi. Kabotolo kaja kadali pansi pa nsalu. Apa ndiye pamandiwawa ndikakumbukira. Mafuta adali atatha dzulo lake, ndipo ine, poti sindikonda kubweza chinthu cha mwini chili chakuda, ndidakatsuka katatu ndi madzi otentha ndi sopo kuti Bushira akandithirire ena. Mukadatsala ngakhale dontho limodzi, apongozi akadalikhudza ndi chala n'kudziwa kuti ndi mafuta. Koma kadali mbee. Adakatembenuza nandionetsa kachidutswa ka pepala kamene kadatsalira kumbuyo kwake, ndipo adati amenewo ndi mabotolo a mowa waukali.

Madzulo ake, tisanamasule, adandiika pakati pabalaza. Padali a Abdu, Bushira, ndi amayi awiri a kumzikiti amene adaitanidwa kudzamasula nafe.

"Abdu, mkazi ndi wako," adatero apongozi. "Tamununkhiza wekha, ungamati amayi ako ndi abodza."

Amuna anga adandiyandikira. "Tauzira kuno." Ndidauzira. Adatsinzina pang'ono, kenako adati, "Zikumveka, amayi."

Adangonena mawu awiri amenewo basi. Sadandifunse chilichonse, ngakhale kunditengera pambali.

"Ndidakuuza ine," adatero apongozi. "Akazi onse ali m'Mutare muno, iwe kukatola mwana wa chidakwa cha kupulazi. Mwezi wopatulika! M'nyumba mwanga! Tamuonani, ndi kulira komwe akulira ngati ali kumowa."

Ndidayang'ana kwa Bushira. Adali ataweramira pafoni. Ndidati, "Alamu," ndipo iye osadzutsa mutu adati, "Ine musandilowetsemo, palibe chimene ndikudziwa." Lumbiro lija lidanditseka pakamwa. Ndidangoti sindidamwe, ndidabwereza mwina kanayi, ndipo mmodzi wa alendo aja adaseka.

M'mawa mwake adandikweza kombi kunditumiza ku Imbeza Valley kwa amalume anga a Simeon, amene ndi nkhoswe yanga ndipo amagwira ntchito yocheka matabwa. Kumeneko ndidapitiriza kusala, koma madzulo ndinkadya sadza ngati wina aliyense, poti mafuta aja ndidalibe. Patatha masiku atatu akazi a amalume adati fungo latheratu. Amalume adakondwa, adaimbira apongozi pomwepo, foni ili pokweza kuti ndimve nawo. Yankho lidali lakuti, "Mwaonatu? Mukamamulonda samwa." Ndiye kuti kununkha kudanditsutsa, ndipo kusiya kununkha kwanditsutsanso.

Tsopano ndi amalume omwe akundikayikira. Dzana adandiitana nati, "Mwanawe, ukandiuza zoona ndidziwa pokakupepesera. Abale athu ambiri adagweramo pulazi litatha, si iwe woyamba." Zimenezi zandipweteka kuposa za apongozi.

Bushira ndamulembera katatu. Adayankha kamodzi, kuti: "Mukandiulula mwaswa lumbiro, komanso amayi andithamangitsa. Ingopepesani, akukhululukirani, nkhani ithe." Zithunzi zija wazifufuta kwake, koma m'foni yanga zilimo zonse khumi ndi zisanu ndi chimodzi, chilichonse ndi tsiku lake, pamodzi ndi mauthenga ake ondiyamikira.

Ankhoswe akumana Loweruka la sabata yamawa. Apongozi anena kuti ndikavomere pagulu kuti ndimamwa, ndikapepese, ndipo andilandira. Ndikakana, a Abdu andisudzula.

Aphungu, ndithandizeni. Kodi mafuta aja amakasanduka mowa m'mimba, moti ndinkaledzera osadziwa, ndipo kusala kwanga konse kudapita pachabe? Kodi ndili ndi matenda? Ndiswe lumbiro, kapena ndivomere bodza kuti banja langa lisathe? Amuna anga ndimawakonda, koma mawu awiri aja sindikuwaiwala.

L.S.
Mutare

Wokondedwa L.S.,

Pukuta misozi, ukhale tsonga. Sudamwe mowa, sudaledzere, ndipo mafuta sasanduka mowa m'mimba mwa munthu. Werenga mzere umenewu kawiri tisanapitirire.

Chimene chidakuchitikira n'chodziwika bwino kwa azachipatala. Masiku onse thupi limayendera shuga wochokera ku sadza, mpunga, buledi ndi zina zotero. Zimenezi zikasowa, chiwindi chimatembenukira ku mafuta, n'kumawaphwanya kukhala maketoni, ndipo ubongo ndi minofu zimayendera amenewo. Mafuta amene adakupatsa mlamu wako ndi a mtundu wofulumira. Amathamangira kuchiwindi, ndipo pakangopita ola limodzi kapena awiri maketoni amakhala atakwera m'magazi. Munthu wabwinobwino akamwa supuni imodzi uku akudya sadza yake monga mwa nthawi zonse, maketoniwo amangokwera pang'ono n'kutsikanso tsiku lomwelo. Iwe udaphatikiza zinthu zitatu: kusala dzuwa lonse, kusiyiratu zakudya zokhutitsa zija, ndi masupuni anayi patsiku. Thupi lako lidalibe pothawira. Gawo lina la maketoni limatuluka ndi mpweya wa m'kamwa, ndipo limanunkha ngati madzi ochotsera utoto wa m'zikhadabo kapena zipatso zopsetsa. Kwa munthu amene mowa amangoumvera kwa odutsa mumsewu, ngati apongozi ako, fungo limenelo ndi mowa basi. Kupota kwa m'mimba ndi ntchito ya mafutawo akachuluka, ndipo chizungulire ndi mutu zimabwera thupi likataya madzi ndi mchere. Utayambiranso sadza chiwindi chidasiya ntchito ija, fungo n'kutha. Sikuti ankakulonda.

Ndipo uwauze makasitomala a Bushira ukawaona: kapepala kakatenga mtundu wa jakaranda munthu atangomwa mafuta, nthawi zambiri kakuonetsa mafuta a m'supuni aja, osati a pamimba pake. Malondawo adali kuyenda ndi mkodzo wako, mwanawe, ndipo mwini malonda lero sakukudziwa.

Mawa lomwe upite kuchipatala. Ukayezetse shuga, ukayezetsenso ngati uli woyembekezera. Ndikukhulupirira kuti uli bwino, poti fungo lidatha utangodya, koma fungo lomweli kwa munthu wa matenda a shuga ndi chizindikiro choopsa chofunika kuthamangira nacho kwa dokotala, ndipo mayi woyembekezera sayenera kuseweretsa thupi motere. Ukafotokozere namwino zonse monga wandifotokozera ine, umuonetse zithunzi zija, umupemphe alembe pakapepala m'mawu osavuta chimene chimabweretsa fungo lotere. Usayembekezere kuti chipatala chikachitira umboni za masabata apitawo. Palibe choyezera chimene chingabwerere m'mbuyo. Umboni wako weniweni uli m'foni mwako. Lero lomwe, usanachite china chilichonse, tumiza zithunzi ndi mauthenga a Bushira ku foni ya amalume ako. Foni imagwa m'madzi, foni imasowa, makamaka nkhani ikayandikira.

Za lumbiro. Udalumbira kubisa malonda, sudalumbire kusenza tchimo limene sudachite. Sindine shehe, choncho pita kwa shehe amene umamukhulupirira, umufunse chimene munthu amachita akafuna kumasuka ku lumbiro lotere, ndipo uchite chimene akuuze. Funso la kusala kwako ukalisiyenso komweko, ngakhale ine sindikuona pamene udalakwa, poti mafutawo sunkamwa masana. Koma sindidamvepo chipembedzo chimene chimalamula munthu kunama pagulu kuti wabodza agone tulo tabwino.

Amalume ako uwauze zonse lero. Akukayika chifukwa wawasiya mumdima, ndipo nkhoswe singakumenyere nkhondo ili chimanjamanja. Iwowo ndiwo aimbire Bushira, osati iwe, poti iwe akudziwa pokugwira. Amuuze mwaulemu kuti ali ndi mpata mpaka Lachinayi woti akaulule yekha kwa amayi ake. Akakanika, Loweruka foni ilankhula. Amalume akapemphenso pabwalopo kuti botolo lalikulu lija litulutsidwe m'chipinda mwa Bushira anthu alione. Iye akati amayi andithamangitsa, usagwe nazo mphwayi. Mwana wobala yekha mayi amamukalipira n'kumupakulira madzulo ake. Amene adakwezedwa kombi ndi iwe.

Pabwalopo usalimbane ndi apongozi. Fungo adalimvadi, botolo adalipezadi, ndipo iwe udabisadi kanthu m'nyumba mwawo. Chimenecho chokha upepese: kuti udamwa zinthu zimene iwo adaletsa, mobisa. Pamenepo ulekeze. Liwu lakuti mowa lisatuluke pakamwa pako ngati chivomerezo, ngakhale akunyengerere kuti ndi mwambo chabe, nkhani ithe. Siidzatha. Ukavomera Loweruka, mbale ikadzasweka adzati waledzera, mwana akadzadwala adzati waledzera, ndipo ana ako adzakula akumva zimene iwe wamva za bambo ako. Za bambo akowo, amalume anene poyera kuti munthu adamwalira, asiyidwe agone.

Ndikuchenjeze zinthu ziwiri. Usayerekeze kumwanso mafutawo kuti ukawaonetse fungo likubwerera. Thupi lako si bwalo la milandu, ndipo adzangoti wayambiranso. Ramadhani ikubwerayi udzadye daku wokwanira, umwe madzi ambiri, ndipo chilichonse chimene munthu akupatsa n'kukuuza kuti ulumbire kaye, umubwezere chili chotseka.

Chachiwiri ndi Abdu, ndipo apa sindikunyengerera. Adamva fungo kwa masiku angapo, amagona nawe chipinda chimodzi, koma sadakufunse. Atamuuza kuti akununkhize pamaso pa alendo, adakununkhiza. Ukhoza kupambana Loweruka n'kubwerera kwa mwamuna yemweyo. Choncho amalume asangomva zakuti chabwino, abwerere. Apemphe kuti balaza lomwe lija likhalenso ndi anthu omwe aja, ndi mayi woseka uja yemwe, ndipo Abdu aimirire pakati anene yekha kuti mkazi wanga sadamwe, ndidalakwa. Kukugwetsa kudamutengera mawu awiri. Akalephera kupeza anayi okudzutsira, usafulumire kulongedza sutikesi. Ku Imbeza sakukuthamangitsa.

Aphungu